Mwana Wanga Sabwereza

Ndikupatsani moni nonse, akuluakulu, amayi, ndi inu anzanga amene mwakhala kumbuyoko pafupi ndi chitseko kuti zikatentha muthawe msanga. Malo amenewo ndikuwadziwa, ndinakhalapo. Dzina langa ndine Lameki, kwathu ndi konkuno ku Nsaru, kutsidya kwa dambo uko. Ena mwa inu mumandidziwa ndi dzina lina, loti Pailoti. Musabise nkhope, ndakuonani kale mukumwetulira. Ena tinamwera limodzi ku Njewa, ndipo munandionapo nditatambasula manja, ndikuthamanga mozungulira mbaula ya kanyenya, ndikulira ngati injini kuti mundigulireko kabotolo. Munkayesa kuti ndi nthabwala za mowa. Ayi abale, ndege ndinaiyendetsadi, ndipo ndinaigwetsa. Lero ndikufuna ndikuuzeni chimene chinaigwetsa, chifukwa sichinali mphepo.

Bambo anga anali mphunzitsi wamkulu pa pulayimale ya kwathu, komanso mkulu wa mpingo. Amene munadutsa m'manja mwawo mukukumbukira jekete lawo la bulauni ndi choko m'thumba la malaya. Ankaphunzitsa Sitandade 8, ndipo kalasi yawo inali ndi dongosolo lake. Ana atsopano ankakhala kutsogolo. Amene sanasankhidwe chaka chapitacho n'kubweranso ankakhala kumbuyo, kukhoma, ndipo bambo sankawaitana ndi maina awo. Ankangoti, "Obwereza, imirirani." Kunyumba tikamadya, mawu awo anali amodzimodzi chaka ndi chaka: "Ana a anthu ena abwereze. Mwana wanga sabwereza."

Sanali mawu ongocheza. Achemwali anga a Esinati, amene ndinawaponda pamutu, analemba mayeso a Sitandade 8 n'kukhoza, koma dzina lawo silinatuluke pa opita ku sekondale. Anzawo amene zinawachitikira zomwezo anabwereza, ndipo ena anasankhidwa chaka chotsatira. Mayi anagwada kuwapempha bambo. Bambo anati mwana wa hedimasitala sangakakhale kukhoma anthu akuona. Sukulu ya achemwali inathera pomwepo, anatenga khasu n'kumatsagana ndi mayi kumunda. Ine ndinali wamng'ono koma maso ndinali nawo. Ndinakula ndikuopa liwu loti kubwereza kuposa mmene ndimaopera njoka, ndipo kalasi iliyonse ndinaidutsa kamodzi mpaka kumaliza Folomu 4.

Masamu ndi sayansi ndinakhoza bwino kwambiri, moti bungwe lina lothandiza achinyamata linanditenga kuti ndikaphunzire kuyendetsa ndege pa kasukulu kena kumpoto kwa Lilongwe, mbali ya ku Chitukula. Lamulungu lotsatira bambo anaimirira m'tchalitchi muno n'kulengeza okha. Amayi analulutira, ine ndinkangomva mutu ukukula.

Tindege tophunzirira n'tating'ono, ta anthu awiri, mkati mwake mapewa amagundana. Tili ndi matayala atatu: awiri olimba cha pakati, ndi limodzi laling'ono kutsogolo, pansi pa mphuno. Wondiphunzitsa anali a Kapiteni Gondwe, bambo wa imvi wochokera kumpoto, munthu wosadziwa kukalipa. Ankati kunyamuka si ntchito, ndege imafuna yokha kuuluka, ntchito ili pa kutera. Ukamatsika umachepetsa moto. Ukayandikira pansi umakoka chiwongolero pang'onopang'ono kuti mphuno idzuke, matayala olimba aja ayambe kugunda, lakutsogolo libwere pambuyo mofatsa. Ukafika ndi liwiro lochuluka, ndege imagunda pansi n'kudumpha ngati mpira. Ikadumpha, mtima umakuuza kuti uikankhire pansi ithe nkhani. Ukatero umamenyetsa katayala kakutsogolo kaja, ndipo imadumphanso kuposa poyamba. Mankhwala ake ndi amodzi okha: ukankhe kandodo ka moto mpaka kumapeto, ukwerenso m'mwamba, uzungulire bwalo, udzayesenso. M'mabuku zimenezi zili ndi dzina lake la Chingerezi, koma a Kapiteni ankakonda kutiuza m'Chichewa chawo chonunkhira Chitumbuka.

"Zikavuta, bwereza," ankatero. "Palibe amene anafapo chifukwa chobwereza."

Ine ndinkayankha kuti ndamva. Tikakhala awiri, ndikaidumphitsa ndege, iwo ndiwo ankafulumira kukankha moto, ine n'kumadziuza chamumtima kuti abwereza ndi iwowo, osati ine. Tsiku lina anandiyang'ana cham'mbali nati, "Iwe Lameki, dzanja lako limachedwa pa moto. Likuopa chiyani?" Ndinangoseka. Kenako ndinazolowera kutera bwino, ndege inasiya kudumpha, ndipo funso lija linakwiririka.

M'mawa wina kunja kuli bata, a Kapiteni anatsika, natseka chitseko, nati ndipite ndekha. Ndinanyamuka, ndinazungulira, ndinatera bwinobwino. Chimwemwe chake sindingachifotokoze. Ndinaimbira bambo ndisanamwe ndi madzi omwe, ndipo iwo anati, "Loweruka tibwera tidzaone." Ndikanatha kuwauza kuti adikire kaye ndizolowere. Sindinawauze.

Unali mwezi wa Okotobala. Matola anawachedwetsa, anafika dzuwa litakwera kale, phula likuchita nthunzi. Anabwera bambo m'jekete lawo lija ngakhale kunkatentha choncho, mayi atavala za Mvano, akulu a mpingo angapo, ndi achemwali ali ndi mwana kumsana. Anaima kuwaya wotchinga bwalo la ndege. A Kapiteni anayang'ana kansalu kosonyeza mphepo, nati mpweya wayamba kuvuta, ndizungulire kamodzi kokha nditere. Iwo anakaima pafupi ndi alendowo, kawailesi kolankhulira nane kali m'manja.

Kunyamuka kunayenda bwino. Pobwera kudzatera ndinachita chimene sindinayenere kuchita: ndinayang'ana kuwaya, ndipo ndinaliona jekete la bulauni. Pobwezera maso kutsogolo ndinapeza ndili pamwamba, liwiro lachuluka, mpweya wotentha ukundinyamula. Ndinaitsitsa mokakamiza. Matayala anagunda, ndege inadumpha. M'makutu mwanga ndinamva a Kapiteni akunena mawu aja a m'buku. Sindinachite kanthu. Ndiye anasiya Chingerezi, anafuula monga bambo akufuulira mwana amene akuthamangira kumsewu.

"Lameki, bwereza! Bwereza!"

Dzanja langa linali pa kandodo ka moto. Abale, kandodo kameneko sikalemera, mwana angathe kukakankha ndi chala. Koma dzanja linauma gwa. Ndinaona khoma lija la kumbuyo kwa kalasi, ndinamva mawu a pa chakudya, ndipo chinachake m'kati mwanga chinati bambo ako sanachoke ku Nsaru ndi akulu a mpingo kudzaona mwana wawo akubwereza. Ndinakankhira mphuno pansi. Ndege inamenya ndi tayala lakutsogolo n'kudumpha koposa. Ndinaikankhanso. Tayala linathyoka, pulopela inatema phula, ndege inakhuluzika ndi mphuno mpaka kukaima mu udzu. Kenako kunangoti zii, fumbi lokhalokha. Chinthu choyamba chimene ndinamva ndi kulira kwa mayi anga.

Chipsera ichi mukuchiona pamphumi panga ndi cha tsiku limenelo. Kuchipatala atandisoka, bambo analowa, naima kumiyendo kwa bedi, chipewa chili m'manja. Anayang'ana pansi, anayang'ana pazenera, anayang'ana paliponse kupatula nkhope yanga. "Wapulumuka," anatero. "Tithokoze Mulungu." Anatuluka. Ine ndinamasulira ndekha: ndawachititsa manyazi, safuna n'kundiona komwe.

Tsopano mvetsetsani apa, chifukwa kumowa ndinkakuuzani kuti anandichotsa sukulu. Sanandichotse. Atafufuza zonse, a Kapiteni anandikhazika pansi nati, "Ndege imakonzedwa, mwana wanga. Ubwerera m'mbuyo pang'ono. Tibwereza maphunziro a kutera tili awiri mpaka dzanja lakolo limasuke. Ubwere Lolemba." Ndinati chabwino Kapiteni, zikomo Kapiteni. Lolemba linandipeza ndili m'bala.

Kutsika kwake kunali kofulumira. Ndinayamba ndi mowa wa m'mabotolo ngati munthu wophunzira, ndinatsikira ku masese, ku masacheti, mpaka kachasu. Mabuku a ndege anapita, nsapato zinapita, foni inapita, ndipo ndinakondwa kuti yapita chifukwa mayi ankaimba. Ndinaumba njerwa ku Chitukula, tindege tija tikudutsa pamutu panga. Kena kakamatsika ndinkasiya chikombole n'kumamvetsera injini, ndikudziwa kuti mmenemo muli mnzanga amene tinayamba limodzi. Ndinathawako. Ku Mpingu ndinasoka fodya pa esiteti ina pamodzi ndi matenanti ochokera ku Mulanje ndi ku Phalombe, anthu osauka amene ankandigawira chakudya cha ana awo. Eni esitetiyo anandithamangitsa atandipeza nditagona m'chigafa masana, ndudu ikufuka pambali panga. Ndinakathera ku Njewa, kusenza matumba ndi kutsuka mbale za akanyenya. Tsiku lina nditakhuta ndinaulula kuti ndinayendetsapo ndege, anthu anafa ndi phwete, ndipo Pailoti anabadwa. Ndinapeza kuti manyazi anga akhoza kundigulira mowa, ndiye ndinkawagulitsa tsiku lililonse.

Mayi atamwalira uthenga unandipeza. Ndinati ndimwe kaye pang'ono kuti ndilimbe mtima. Ndinafika maliro atanyamuka kale, ndikudzandira, malaya ali ong'ambika. Ndinaima m'mabulugamu chapatali ndi manda, ndikumva amayi a Mvano akuimba. Ndinawaona bambo pafupi ndi dzenje, akutembenuza mutu uku ndi uku, kuyang'ana m'khamu la anthu. Ndinati akuonetsetsa kuti chidakwa chawo chisawatulukire pamaso pa abusa. Ndinabisala kuseri kwa mtengo mpaka anthu anabalalika, kenako ndinabwerera ku Njewa. Mayi amene anandibereka sindinawaponyere ngakhale dothi. Chimenechi chimandiwawa mpaka lero, ndipo palibe pemphero limene lachichotsa.

Zaka zinapitapo. Tsiku lina masana ndili pakati pa sewero langa lija, manja ali m'mwamba, anthu akuseka, ndinatembenuka n'kupeza achemwali ataima patsogolo panga, kachikwama kali m'khwapa. Sanaseke, sanalirenso.

"Watera?" anandifunsa.

Ndinatsitsa manja.

"Ngati watera, tiye kunyumba. Bambo anagwa. Mbali yakumanja yonse yafa, pakamwa papindika. Ine ndili ndi ana, ndili ndi munda. Ndipo kuwasambitsa ndi kupita nawo kuchimbudzi si ntchito ya mwana wamkazi, iwe ukudziwa."

"Achemwali, bambo sangafune kundiona ndili chonchi."

"Sindinabwere kudzakuuza zimene bambo akufuna. Zimene bambo ankafuna ndinazimvera kale, malipiro ake ndi awa." Ananditambasulira zikhatho zawo, zokhakhala, zong'aluka ndi khasu. "Ndabwera chifukwa ndatopa."

Ndinawatsatira. Musaganize kuti ndinalapa pomwepo. Ndinawatsatira chifukwa anthu onse aja ankatiyang'ana ndipo ndinasowa pobisala.

Bambo ndinawapeza pampando pakhonde, ataonda, mutu uli mbuu, kansalu kopukutira malovu kali paphewa. Maso okha ndiwo anali awo akale, ndipo ananditsata kuyambira kumsewu mpaka pamene ndinagwada kuwapatsa moni. Anayesa kulankhula koma panangotuluka mpweya. Ndinayamba ntchito. Ndinkawasambitsa, kuwaveka, kuwanyamula, zonse mwakachetechete, osawayang'ana kumaso monga iwo sanandiyang'ane kuchipatala kuja. Masana akagona ndinkazemba kupita kuseri kwa msika. A kuchipatala anali atanena kuti tiziwayendetsa tsiku lililonse kuti mwendo usaiwale, kuchoka pampando kukafika pamtengo wa mango umene uli pakati pa bwalo lathu.

M'mawa wa tsiku limene ndikufuna kukuuzanili ndinadzuka ndi matsire, manja akunjenjemera. Ndinawadzutsa bambo, ndinaika mkono wawo wakufa uja paphewa panga, tinayamba. Tinangochoka pakhonde pang'ono, mwendo wawo unakokeka m'dothi, ine mphamvu ndinalibe, ndipo tonse awiri tinagwa. Ndinadzuka n'kuwaona: hedimasitala, mkulu wa mpingo, ali chagada m'fumbi pabwalo pake, thalauza litatsika, nkhuku zikumuzungulira. Achemwali anatulukira kuseri ndi tsache m'manja. Mumtima ndinati basi, ndege ndinagwetsa, bambo ndagwetsa, ndiwabwezere pampando ndizibwerera ku Njewa.

Ndinawakonza thalauza, ndinawaimika, ndinawatembenuza kuloza kukhonde. Anakana. Dzanja lawo lamoyo lija linandigwira malaya pachifuwa, mwamphamvu moti batani linaduka. Milomo inkagwedezeka.

"Bwe... bwe..."

Ndinayesa kuti akuitana achemwali kuti abwere. Anapukusa mutu. Anameza malovu, anatseka maso, analikoka liwulo ngati munthu akukoka ndowa m'chitsime chakuya.

"Bwereza."

Magazi anandiwira. Ndinaganiza kuti nkhalamba yasunga liwu limeneli zaka zonsezi kuti idzanditonze nalo. "Bambo, mukundinena?" ndinatero, ndipo mawu anga anakwera monga sanakwerepo pamaso pawo. "Mwandiitanitsa kuti mudzandinene?"

Anapukusanso mutu. Misozi inayamba kutsika, diso lakumanzere lokha. Zimene ananena pambuyo pake zinatenga nthawi yaitali, liwu limodzi, kupuma, liwu lina, ine nditawagwira m'chiuno kuti asagwenso.

"Ndinamva... wailesi. Ndinali... pafupi."

Sindinamvetse msanga. Kenako ndinakumbukira kuti a Kapiteni anaima kuwaya, pambali pa alendo.

"Anati... bwereza. Ndinadziwa... sutero." Anasiya malaya anga, nadzimenya pachifuwa ndi chibakera. "Ndine. Ndine... ndinakugwira... dzanja."

Abale, pamenepo ndinamvetsa. Zaka zonse zija ndinkati kuchipatala sanandiyang'ane chifukwa ndinawanyansa, chikhalirecho munthu ankalephera kuyang'ana bala limene ankati walitema yekha. Kumanda kuja ndinkati akulondera kuti ndisafike, chikhalirecho ankandifunafuna. Iwo kuno akudziimba mlandu, ine uko ndikudzipha ndi kachasu, mayi n'kumwalira pakati pathu osationa tikulankhulana. Ndinalira mokweza ngati mwana, pabwalo, dzuwa litatuluka kale, anthu odutsa kupita kumjigo akuima.

Bambo anatembenuza mutu kufuna achemwali. "Esinati... mwana wanga." Anapuma. "Uka... ukanabwereza."

Achemwali anaima chiimire ndi tsache lawo. "Mwachedwa nazo, bambo," anatero, ndipo anapita kuseri kwa nyumba. Tinawamva akulira kumeneko. Ife tinangoima pomwepo, pakati pa khonde ndi mtengo, osadziwa kolowera. Patapita nthawi anabwera akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, anagwira bambo mbali inayo, nati, "Tiyeni. Si mwati tibwereze?" Tsiku limenelo pamtengo sitinafike, koma tinayesa mpaka bambo anatopa.

Tsopano ndikuuzeni zimene ndinachita, chifukwa kulira kokha sikuchotsa mowa m'thupi. Madzulo omwewo ndinawauza achemwali kumene ndimazembera masana, ndi dzina la mayi amene ankandigulitsa. Anapita okha kukalankhula nawo, ndipo zimene anakambirana sindikuzidziwa, koma mayi aja atandionanso pamsewu anatembenukira kwina. M'mawa mwake ndinapita kuchipatala chathu cha konkuno n'kumuuza dokotala zoona zake, kuti ndimamwa tsiku lililonse ndipo ndikapanda kumwa ndimanjenjemera. Anandiuza kuti munthu wofika pamenepo kusiya mwadzidzidzi payekha n'koopsa, anandipatsa mankhwala, nati ndizibwera azindiona. Inu amene manja amanjenjemera m'mawa, pitani kuchipatala. Musachite manyazi, a kumeneko anaona zoposa zanuzo.

Njira ya kuseri kwa msika ndinaisiya, ndinkazungulira kudambo ngakhale kunali kutali. Masana, nthawi imene khosi linkandiitana, ndinkatenga khasu kupita kudimba la achemwali, chifukwa ndinapeza kuti ludzu limeneli limabwera ngati mvula ya mkuntho, ukalipirira limadutsa. Mkulu wina wa mpingo, amene kale anali chidakwa chotchuka kuno, anandiuza kuti likandivuta ndizingofika kwawo, osafunikira kufotokoza. Nthawi zambiri ndinkangokhala pakhonde pawo tikusenda mtedza, osalankhula.

Ndipo ndinagwanso. Ndikunena poyera kuti ena musaganize kuti a pano amene timaima kutsogolo tinasiya kamodzi n'kutheratu. Pa ukwati wina ndinalandira kapu imodzi, ndinadzidzimuka ndili m'ngalande. Kale ndikanati basi, zatha, ndibwerere ku Njewa, chifukwa kwa ine kulephera kamodzi kunali kulephera konse. Koma ndinafika kunyumba ndi matope, bambo ali pampando wawo. Anandinunkhiza, anandiyang'ana m'maso, nakweza chala chimodzi n'kuchizunguza m'mwamba, monga ndege imazungulirira bwalo. Ndinasamba, ndinapitanso kwa dokotala, ndinayambiranso. Zinachitikanso ulendo wina, ndinayambiranso.

Nditalimba ndinakawafunafuna a Kapiteni Gondwe. Ndinawapeza atapuma ntchito, akuweta nkhuku. Anandizindikira ndi chipsera. Sanandikalipire, anangoti, "Lolemba lija ndinakudikira mpaka masana, ndege nditaithira mafuta." Mawu amenewo anandipweteka kuposa kukalipa. Mwayi uja unapita, bungwe lija linatenga ena, ndipo ine ndege sindinaikwerenso. Zina sizibwerera, abale, ndisakunamizeni. Achemwali kusukulu sanabwerere. Mayi sanadzuke kuti adzandione ndili wosaledzera. Koma mwana wamkazi wa achemwali, uja anali kumsana kuwaya kuja, atalemba Sitandade 8 dzina lake silinatuluke, ndipo agogo ake ndi amene anamuitana, namuuza ndi pakamwa pawo popindikapo kuti abwereze. Pano ali ku sekondale. Ine masana ndimathandiza masamu ana obwereza pa sukulu yomwe ija, m'kalasi momwe muja, ndipo ndimawakhazika kutsogolo n'kumawaitana ndi maina awo.

Ndiye inu akumbuyoko, wina mwa inu anamwa dzulo, fungo lafika kuno. Sindikukunenani. Ndikudziwa zimene mtima ukukuuzani, kuti poti mwadumpha kale, ingoikankhirani pansi ithe nkhani. Ine ndinaumvera mtima umenewo kawiri, m'ndege ndi pa Lolemba lija, ndipo mwaona kumene unandifikitsa. Tikamaliza pano musathawe. Tikhale pansi tikambirane za kuchipatala, za njira imene muzidutsa, ndi za munthu amene muzipita kwawo khosi likayamba kuitana.

Bambo anali ndi cholinga chimodzi, kukalowa m'tchalitchi muno ndi miyendo yawo. Pamtengo wa mango tinafika. Kenako tinkafika pamsewu, kenako pa mjigo, ine mbali iyi, ndodo mbali inayo. Tikagwa tinkaseka, tikadzuka tinkayambiranso. Tsiku lomaliza tinadutsa mjigo pang'ono, mpaka pamene denga la tchalitchi limayamba kuonekera pamwamba pa chimanga. Anaima, analiyang'ana, mpweya ukuwathera. Ndinawafunsa ngati tipitirire. Anapukusa mutu, nandisisita padzanja, dzanja lomwe lija linauma pa kandodo ka moto.

"Mawa... tibwereza," anatero.

M'mawa mwake ndinawatengera madzi osamba, ndinawapeza atapita.

M'tchalitchi muno analowa, koma tinachita kuwanyamula. Ulendo umenewo sindinali kuseri kwa mtengo. Ndinagwira bokosi kutsogolo, kumutu kwawo, ndili wosaledzera, ndipo kumanda dothi loyamba ndinaponya ndine. Jekete la bulauni lija ndi ili ndavalali. Limandikulira m'mapewa, ndipo m'thumba ndinapezamo kachidutswa ka choko, sindinakachotse. M'mawa uliwonse ndikamalivala ndimawayankha bambo anga mawu amene tsiku lija sindinawayankhe, poyesa kuti nthawi ilipo. Ndimati, "Inde bambo, tibwereza."